Kuyesa masefa a mpweya m'zombo za m'mlengalenga

Chombo chonyamula anthu m'mlengalenga chilibe zenera loti n'kutsegula mpweya ukaipa. Mpweya womwewo umazungulira usana ndi usiku, ndipo moyo wa onse okhalamo umadalira masefa ouyeretsa. N'chifukwa chake sefa iliyonse imayesedwa isananyamuke, ndipo ena amayesedwanso akabwerera padziko.

Zoipitsa mpweya zili m'magulu atatu. Loyamba ndi mpweya wa carbon dioxide, umene munthu mmodzi amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku. Ukachuluka umayambitsa litsipa ndi kusokoneza maganizo. Lachiwiri ndi mipweya ina yochokera m'thupi ndi m'zipangizo, yomwe imagwidwa ndi makala okonzedwa mwapadera. Lachitatu ndi fumbi: ulusi wa zovala, mfundu za pakhungu, nyenyeswa za chakudya ndi mabakiteriya. Padziko fumbi limagwa lokha, koma kumeneko limangoyandama mpaka zokupiza mphepo zitalikokera ku sefa.

Pa siteshoni ya International Space Station, pomwe pakhala anthu mosalekeza kuyambira mu Novembala 2000, mbali ya America imagwiritsa ntchito masefa a HEPA. Muyezo wake ndi wakuti agwire magawo 99.97 pa 100 aliwonse a tinthu ta mamaikiromita 0.3, tosaoneka ndi maso. Okhalamo amapopa zinyalala pa ukonde wa kutsogolo kwa sefa sabata ndi sabata, ndipo sefa yeniyeniyo imasinthidwa pakapita zaka ziwiri kufikira zisanu, malinga ndi malo ake.

Akatswiri a bungwe la NASA ku Glenn Research Center mumzinda wa Cleveland akhala akuyesa masefa obwezedwa kuchokera kusiteshoniyi. Amauzira tinthu ta kukula kodziwika mbali imodzi n'kuwerenga timene tadutsa mbali inayo. Amafufuzanso ngati m'mphepete muli podontha. Kenako amayeza mphamvu imene mpweya ukufunika kuti udutse. Muyeso womalizawu ndiwo umaulula ukalamba wa sefa: ikamadzaza fumbi imagwirabe tinthu, koma mpweya umadutsa movutikira. Zikatero m'makona ena a chombo mpweya umaima, ndipo carbon dioxide amaunjikana pankhope ya munthu wogona.

Pochotsa carbon dioxide, zombo za Apollo zinkadalira zitini za lithium hydroxide, zomwe zikakhuta sizigwiranso ntchito. Mu Epulo 1970, thanki ya okosijeni ya Apollo 13 itaphulika, Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise anathawira m'kachombo kotera pamwezi, komwe kanapangidwira anthu awiri okha. Zitini zake zozungulira zinayamba kukhuta, pomwe zotsala za m'chombo chachikulu zinali za makona anayi. Potsatira malangizo ochokera ku Houston, iwo analumikiza zitinizo ndi mapepala apulasitiki, katoni, payipi ndi tepi, ndipo mpweya woipawo unatsika.

Siteshoni ya lero ili ndi makina okhalitsa: CDRA kumbali ya America ndi Vozdukh kumbali ya Russia. CDRA amagwira mpweyawo m'timiyala ta zeolite, kenako amatitenthetsa n'kuutayira kunja kuti tigwirenso ntchito. Zaka zogwiritsa ntchito makinawa zinaonetsa chilema: timiyalato timanyenyeka, ndipo fumbi lake limatseka njira ndi mavavu. Phunziroli linathandiza popanga makina atsopano a Four Bed CO2 Scrubber, omwe anatumizidwa kusiteshoniyi mu 2021 kukayesedwa.

Maulendo akutali adzafuna zoposa pamenepa. Fumbi la pamwezi ndi lakuthwa ndiponso lomata. Mu 1972 linayetsemulitsa Harrison Schmitt wa Apollo 17 atavula chipewa chake m'chombo. Ulendo wa ku Mars umatenga miyezi yoposa isanu ndi umodzi kupita kokha, ndipo panjira sipadzakhala chombo chobweretsa sefa yatsopano. Opanga zombo ayenera kudziwa, anthu asananyamuke, masiku amene sefa iliyonse idzakhale ndiponso masefa angati oyenera kulongedza.