Deki ya Amalume ku Nchalo

Kanema ndinayamba kumuonera m'chisakasa cha amalume anga ku Nchalo, dziko lino lisanakhale n'komwe ndi wailesi yakeyake ya kanema. M'nthawi ya Kamuzu kunalibe. Television Malawi inadzatsegulidwa mu Epulo 1999, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, koma ife kuchigwa kuno tinali titazolowera kale matepi a karati ndi a Rambo, pa deki yoyendera jenereta, titathithikana pamabenchi thukuta lili kamukamu.

Amalume atagula dishi, ntchito ya deki ija inasintha. Makasitomala awo ambiri ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe ndi kufakitale ya shuga, ndipo wa shifiti ya usiku mpira unkamudutsa. Ndiye amalume ankatepa. Ankalumikiza nthambo kuchoka ku dikoda kulowa mu deki, n'kuikamo tepi ya maola atatu, yokwana mpira wonse ngakhale utafika kumapenate. M'mawa mwake pakhomo pankakhala lamulo limodzi lokha: wodziwa zigoli atseke pakamwa. Ndinaonapo bambo wamkulu ndithu akutulutsidwa chifukwa chonong'oneza mnzake kuti penate iyo iphonyedwa.

Chovuta chinali chakuti dikoda ya masiku amenewo inali ndi tyuna imodzi, ngati munthu wa khutu limodzi. Chimene mukuonera n'chomwecho chikulowa mu tepi. Tsiku lina, amalume atapita kukagula petulo, ndinagwira rimoti kuti ndisuzumireko nyimbo pang'ono, ndipo m'mawa mwake anthu anapeza oimba akuvina pakati pa chigawo chachiwiri. Amalume anabweza ndalama kwa aliyense. Sanandimenye. Anangoti, "Mwana iwe, anthu awa agwira ntchito usiku wonse." Mawu amenewa amandilasabe mpaka lero.

Loweruka ndiye kunkakhala mpungwepungwe. Mipira iwiri ya ku England inkayamba nthawi imodzi, amayi akufuna filimu ya ku Nigeria, wina akufuna nkhani. Amalume anachita kugula dikoda yachiwiri ndi deki yachiwiri, n'kusinthanso kamutu ka pa dishi, kotchedwa LNB, kuti kakhale ka nthambo ziwiri. Kuseri kwa tivi kunkaoneka ngati chisa cha mpheta. Mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40, ine ndinkapatsidwa ntchito yokupiza madikoda ndi katoni.

Mu 2005 MultiChoice inatulutsa dikoda ya DStv yotchedwa PVR, yojambula yokha pa diski ya m'kati, munthu akuonera china. Mu 2013 kunabwera Explora. Izi tinkangozimva, poti mtengo wake sunali wa mwini vidiyo sho. Zimene zinatifika ndi timadikoda totchipa ta pamsika, tokhala ndi polowetsa fulashi. Dziko litayamba kusamukira ku dijito, kunabwera GOtv ndi Kiliye Kiliye, zogwira ndi mlongoti osati dishi, ndipo m'mashopu munaonekanso madikoda a makutu awiri, lina la dishi, lina la mlongoti. Ena mwa awa amalola kujambula mbali imodzi uku mukuonera inayo. Mnyamata wokonza madishi ndi amene anandiululira kuti matchanelo amabwera m'mitolo, angapo pa frikwensi imodzi, kotero dikoda yabwino ikhoza kujambula awiri a mtolo umodzi ndi khutu limodzi lomwelo. Ndinalakalaka amalume akanaidziwa nzeru imeneyi akadali ndi mphamvu.

Pa 25 Januwale 2022, Flames inkakumana ndi Morocco ku Cameroon, koyamba kudutsa ndime ya m'magulu ya mpikisano wa mayiko a mu Africa. Amalume, atakalamba, anali atandiuza kale kuti ndikonze fulashi. Koma dzulo lake namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, konkuno ku Chikwawa, ndipo madzi anali atalowa m'midzi. Dikoda tinaikweza pamwamba pa kabati, youma koma yozima. Za chigoli cha Gabadinho Mhango, chomenyedwa chapatali m'mphindi zoyambirira, tinamva pa wailesi ya mabatire, komanso zoti tagonja 2-1.

Patapita masiku, mdzukulu wawo anabwera ndi chigoli chija pafoni, atachitenga kwa mnzake wa ku Ngabu. Amalume anayandikitsa foni kumaso, naonera mpira uja ukudutsa pamutu pa goloboyi.

"Tabweza," anatero. Anabwezetsa kanayi.