Nsembe ya Waumphawi m'Israyeli Wakale

Lero tikamba za lamulo lina la Aisrayeli akale, lonena za munthu wosauka wofuna kufika ku guwa la nsembe.

Masiku amenewo munthu akalakwa, monga kulumbira mosalingirira kapena kubisa umboni pa mlandu, anayenera kuulula chimo lace ndi kudza kwa wansembe ndi nkhosa kapena mbuzi yaikazi. Koma si onse anali ndi khola. Nanga wopanda coweta akadatani? Kodi akadangokhala ndi mlandu wace kufikira imfa?

Buku la Levitiko, mutu 5, likuyankha. Wosakhoza kupeza nkhosa analoledwa kudza ndi njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Ndipo wosowa ngakhale mbalamezo anadza ndi ufa wosalala, limodzi la magawo khumi a muyeso wochedwa efa, ndiwo malita ngati 2. Pa ufawo sanathire mafuta kapena lubani. Wansembe anatapako dzanja limodzi nautentha pa guwa, ndipo wotsalawo unali wace. Tsono cinthu cacikulu ndi ici: mwini mbuzi, mwini njiwa ndi mwini ufa onse anabwerera kwao atakhululukidwa cimodzimodzi.

Cifundo comweco cinafikanso kwa ena. Mkazi atabala mwana anayenera kupereka mwana wa nkhosa wa caka cimodzi pamodzi ndi mbalame imodzi. Akakhala wosauka, mbalame ziwiri zinakwanira. Cifukwa cace Luka, polemba kuti Mariya ndi Yosefe anapereka mbalame ziwiri ku Yerusalemu, akutidziwitsa kuti banjalo linali losauka. Munthu wocira khate anayenera kupereka nkhosa zitatu. Waumphawi anapereka imodzi ndi mbalame ziwiri.

Komatu lamulo labwino lisowa anthu olichinjiriza. Buku la miyambo ya Ayuda lochedwa Mishnah, losonkhanitsidwa pafupi ndi caka ca 200, likusimba kuti nthawi yina, Kacisi wa ku Yerusalemu asanapasulidwe ndi Aroma m'caka ca 70, mtengo wa mbalame ziwiri za nsembe unakwera kufikira ndalama ya golidi. Nsembe yoikidwira osauka inasanduka ya olemera okha, ndipo akazi ambiri anali ndi mangawa a nsembe zingapo. Pamenepo mphunzitsi wamkulu, Simeon ben Gamaliel, analumbira kuti sagona mtengowo usanatsike. Analowa m'bwalo la milandu nagamula kuti mkazi woyenera kupereka nsembe zisanu apereke imodzi yokha. Ogula atacepa, tsiku lomwelo mtengo unagwa, mbalamezo nizigulidwa ndi kagawo cabe ka ndalama ya siliva.

Tisaganize kuti waumphawi anamasulidwa konse. Sanauzidwe kuti abwere cimanjamanja. Anapereka ndithu ca m'nyumba mwace, ndipo kwa iye ufa umenewo ukadakhala cakudya ca ana. Koma potero anaima pamalo pamodzi ndi mwini ziweto zambiri, wopereka mnzace, wosati wopemphapempha. Lamulo linacepetsa mtengo wa nsembe, osacepetsa ulemu wa woperekayo.