Mmene Mbiri ya Akazi Inalowera m'Makoleji

Kale mabuku a mbiri anali kusimba za mafumu, nkhondo ndi cuma, koma za akazi anangoti duu. M'caka ca 1970 ophunzira a pa San Diego State College ku Amereka anakana zimenezi, ndipo pamodzi ndi aphunzitsi ao anayambitsa cigawo coyamba ca maphunziro a za akazi m'dzikomo. Pambuyo pace maphunzirowa anakula, nayamba kufufuzanso za amuna, za ukwati ndi za cikondi. Muno mu Afrika, Makerere wa ku Uganda anatsegula cigawo cotere mu 1991.

Kufufuza kumeneku kunafika ndi ku migodi ya Copperbelt. Mu 1981 George Chauncey analemba za nchito ya akazi m'makomboni kuyambira 1927 kufikira 1953. Anaonetsa kuti makampani anali kulola akazi cifukwa mwamuna wokwatira sanali kusiya nchito msanga. Ndiponso, malipiro pokhala ocepa, mkazi ndiye anali kulima ndiwo ndi kuphika mowa kuti banja lidye, cinkana boma la atsamunda linafuna kumbweza kumudzi. Cotero thukuta la amai a m'komboni, limene mabuku akale anasiya, linalembedwa m'mbiri ya mkuwa.