Mchere, Nkhondo ndi Mtengo wa Nsomba za ku Holland

Munthu akamva kuti nsomba zakwera mtengo, aganiza msanga kuti m'madzi zachepa. Nthawi zina kutero nkoona. Koma mbiri ya asodzi a ku Holland itionetsa kuti mtengo wa nsomba upangidwanso pamtunda, ndi anthu amene sanagwirepo ukonde.

M'nyanja yamchere ya North Sea muli nsomba dzina lache herring. Iyenda m'magulu akuru monga achitira usipa, koma iri yokulirapo ndi yamafuta, ndipo mafutawo aiononga isanathe masiku awiri. Anthu a ku Ulaya anaifuna kwambiri, pakuti Mpingo wa Roma unaletsa nyama Lachisanu ndi masiku 40 a Lenti. Ngakhale ku England, atasiyana ndi Roma, Boma linaonjeza Lachitatu m'chaka cha 1563 kuti likhale tsiku la nsomba, asodzi angachepe, mfumu nisowa amalinyero a nkhondo.

Poyamba malonda awa anali m'manja mwa amalonda a ku Lübeck, amene anatenga mchere ku Lüneburg, nakagula nsomba pagombe la Skåne. Koma a ku Holland anawapambana ndi nzeru iyi: anamanga zombo zazikuru zonyamula mchere ndi migolo ya matabwa, natumbula nsomba panyanja pomwepo zitangovuulidwa, nazithira mchere, nazitsekera m'migolo. Chotero anakhoza kukhala masabata ambiri kufupi ndi zisumbu za Shetland osabwera kwao. Pofika 1600 zombo zotere zinali ngati 500.

Tsono taonani zimene zinalamulira mtengo. Choyamba ndicho mchere. Dziko la Holland liribe dzuwa lokwanira kuumitsa madzi a m'nyanja, chifukwa chache anaugula ku France ndi ku Setúbal, m'dziko la Portugal. Mfumu Philip III ya ku Spain, imene inalamuliranso Portugal, itawatsekera madooko ache m'chaka cha 1598, iwo anaoloka nyanja ya Atlantic kukafuna mchere ku Araya, m'dziko limene lero ndi Venezuela. Ulendo wonsewo anaulipira ndani? Mai wosauka wogula nsomba ziwiri pamsika.

Chachiwiri ndicho kukhulupirika. Wogula ku Danzig sanathe kutsegula mgolo uli wonse, kotero anadalira chizindikiro chootchedwa pamatabwa. Akuru a midzi ya asodzi anaika malamulo olimba: ukonde usaponyedwe lisanafike tsiku la 24 June, mchere ukhale wabwino, nsomba zazikuru zisasanganizidwe ndi zoonda. Chifukwa cha ichi mgolo wa ku Holland unagulidwa ndalama zoposa wa anthu ena, ndipo nsomba zoyamba za chaka zinaposa zonse.

Chachitatu ndicho msonkho ndi nkhondo. Zombo zambiri zolowa m'nyanja ya Baltic zinaima pa Helsingør kupereka msonkho kwa mfumu ya ku Denmark, kuyambira 1429 kufikira 1857. Ndipo m'mabuku a msonkhowo ophunzira awerengamo lero migolo imene inapita. Achifwamba a ku Dunkirk anamiza zombo zambiri m'chaka cha 1625. Angerezi anagwira zombo zoperekeza asodzi mu 1652. Afalansa anatentha zina pa Bressay mu 1703. Chombo chikatayika, mwini chotsala analipira asilikari omperekeza, naika ndalamazo pamtengo wa nsomba.

Potsiriza pache, cha m'ma 1750, herring inadza yochuruka kufupi ndi gombe la Bohuslän ku Sweden, nikhalako kufikira 1808. Kumeneko anthu anaikoka ndi mabwato ang'ono, naigulitsa motsika. Wosauka wa ku Baltic sanafunsenso za chizindikiro. Anagula yomwe anakhoza, ndipo malonda a ku Holland sanabwererenso pa ukuru wao wakale.

Asodzi aja anasunga dzina labwino zaka zoposa 150, nalemera nalo. Koma mchere unali wa mfumu yina, njira ya wina, ndi mayendedwe a nsomba sanali a munthu ali yense. Inu owerenga, mukadandaula ndi mtengo wa ndiwo, musathamangire kutsutsa msodzi yekha. Yambani mwafunsa amene agwira mchere, njira ndi msonkho.