Mbiri ya Makobidi m'Chigwa cha Shire

Makolo a Amang'anja ndi Asena a m'chigwa cha Shire sanali kudziwa ndalama zachitsulo. Malonda ao anali osinthana. Akazi anali kuphika mchere, amuna anali kuomba nsalu ndi thonje la m'minda mwao, osula nasula makasu. Zimenezi ndizo zinali kugula mapira ndi mbuzi.

Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Boma linaika msonkho wa nyumba. Msonkhowo ndiwo unaphunzitsa anthu kufunafuna ndalama. Ena anapita kukagwira ntchito kwa Azungu, koma ambiri a m'chigwa analima thonje logulitsa. Poyamba kunali kuyenda marupiya a ku India ndi mashereni a ku England.

Kuyambira mu 1955 kunabwera makobidi a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Khobidi la peni linali loboola pakati, kotero kuti munthu wopanda thumba anali kulitunga pa chingwe. Pa tiki ndi shereni panali nkhope ya Mfumukazi Elizabeth.

Mu 1964, chaka cha ufulu, Malawi anakhala ndi makobidi akeake. Nkhope inali ya Dr. Kamuzu Banda. Kuseri kwa sikisipensi kunali tambala, kwa shereni kunali chimanga, ndipo kwa mashereni awiri kunali njovu. Mlimi wolandira malipiro a thonje pa msika wa Ngabu anaona m'dzanja mwake zinthu za kwao.

Mu 1971 kuwerenga kunasintha. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, shereni inasanduka matambala 10, ndipo matambala 100 anakwana kwacha imodzi. Masiku amenewo tambala imodzi inali ndi mphamvu yogula kanthu.

Koma mitengo ya zinthu inakwera chaka ndi chaka. Kwacha, imene inayamba ngati pepala lolemekezeka, inadzasanduka khobidi. Mu 2007 kunatuluka makobidi a makwacha 5 ndi 10, ndipo mu 2012 anawachepetsa msinkhu. Matambala anazimirira pa misika.

Tsono mbiri imeneyi iphunzitsa chinthu chimodzi. Nkhope ya pa khobidi ionetsa wolamulira dziko, koma siinena mphamvu ya khobidilo. Mphamvu yake ioneka pa msika. Chifukwa chake mlimi wanzeru sakondwera ndi kuchuluka kwa ndalama za thonje lake asanafunse kuti zidzagula mchere, nsalu ndi makasu angati.