Mbiri ya Malo Ogwira Kuwala m'Kamera

Maliro akamapita ku manda a Chunga, wacibale amatsogola atanyamula cithunzi ca malemu. Kawirikawiri cithunzico cimacokera m'foni, ndipo akacikuza nkhope imaoneka ngati yapakidwa phulusa. Anthu amanyoza wosindikiza, koma mlandu uli pa kucepa kwa kambale kolandira kuwala m'kati mwa kamera, kamene lero kachedwa sensa.

Ojambula akale analandira kuwala pa galasi kapena pa filimu yaikulu. Seydou Keïta, amene anatsegula nyumba yojambuliramo ku Bamako m'caka ca 1948, anali kugwiritsa nchito filimu ya masentimita 13 m'mimba ndi 18 m'litali. Iye sanali kukuza zithunzi zace. Anali kungosanjika filimuyo pa pepala, ndipo maluwa onse a nsalu ya mai wojambulidwayo anaoneka bwino lomwe. Koma kamera yotere inali mtolo woimika pa miyendo itatu, wobvuta kuukweza pa njinga popita ku ukwati.

Kulemera kumeneku kunatopetsa kale Oskar Barnack wa ku Germany, munthu wodwala mphumu. Iye anatenga filimu ya kanema, napanga kamera yolowa m'thumba la jekete, yojambula pa mamilimita 24 ndi 36 okha. Kamerayo, dzina lace Leica, inayamba kugulitsidwa mu 1925. Malo ace ogwira kuwala ngocepa ka 27 powalinga ndi a Keïta, cotero cithunzi ciri conse cinayenera kukuzidwa. Rolleiflex ya 1929 inatsata njira ya pakati, masentimita 6 mbali zonse.

Mu 1975 Steven Sasson wa ku Kodak anapanga kamera yopanda filimu. Popeza sensa yaikulu inali yokwera mtengo, makamera oyamba a mtunduwu anali ndi zazing'ono, ndipo msinkhu wa Barnack unafika m'masitolo mu 2002. Nzodabwitsa kuti muyeso umene unali waung'ono mu 1925 lero uchedwa full frame, ndiwo wodzaza. Wa APS-C sufika theka lace. Wa mafoni ambiri ngwocepa kuposa cikhadabo.

Monga denga lalikulu la malata lidzaza mgolo ngakhale mvula iri yowaza, sensa yaikulu isonkhanitsa kuwala kokwanira kukacita mdima. Wojambula wa ku Matero wogwira nchito padzuwa akhoza kukhuta ndi APS-C, natsala ndi ndalama ya galasi labwino. Wojambula maukwati m'chalichi ca mazenera ang'ono adzafuna full frame, pamodzi ndi magalasi ace olemera ndi okwera mtengo.