Nyumba ya a Wada ku Ogimachi

M'chigwa cha mtsinje wa Sho, m'chigawo cha Gifu ku Japan, kumene mapiri anatsekereza anthu zaka mazanamazana ndipo chipale chofewa chimaunjikana kufikira kupitirira msinkhu wa munthu, muli mudzi wa Ogimachi. Ndipo mwa nyumba zake zaudzu, yoposa zinzake kukula ndiyo ya a Wada, amene makolo awo anali nyakwawa m'nyengo yakale yotchedwa Edo.

Amisiri akale, podziwa kuti chipale chikagonera pa udzu chimathyola phaso, anaimika denga lotsetsereka kwambiri, longa manja a munthu wopemphera, kuti katundu wa nyengo yachisanu azitsika yekha. Pa tsindwi lonselo sanakhomepo msomali, koma mitanda ndi phaso anazimanga ndi zingwe ndi nthambi zanthete, kotero kuti mkuntho ukaomba nyumba imagwedera osathyoka. M'mimba mwa dengalo anayalamo nsanja zoweterapo mbozi za silika, zimene moto wa pansi unkazifunditsa, utsi wake ukukhwimitsa zingwe ndi kuingitsa tizilombo; ndipo kunsi kwa nyumba ankakonza mchere wopangira wonga wa mfuti, umene pamodzi ndi silika unalemeretsa banjali.

Chimene ine ndimachilemekeza koposa ndicho kufolera kwake. Udzu ukatha, patapita zaka 30 kapena 40, palibe banja limene lingaigwire lokha ntchitoyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Motero mudzi wonse, anthu oposa 100, unkamemedwa, ena kuponya mitolo, ena kuimanga pamwamba, kufikira mbali imodzi itatha dzuwa lisanalowe, ndipo mwini nyumba ankalemba maina a onse amene anadza, kuti tsiku lawo likafika akabweze thukutalo.

Malonda a silika atazilala, ndipo damu la Miboro, lomalizidwa mu 1961, litamiza midzi ya kumtunda, nyumba zambiri zinagulitsidwa ndi kuphwasulidwa. Poona chipasukocho, eni Ogimachi anapangana mu 1971 kuti nyumba zawo sadzazigulitsa, sadzazibwereketsa, ndipo sadzazigwetsa. Boma linatsatira pambuyo, niliteteza mudziwo mu 1976; mu 1995 nyumba ya a Wada inawerengedwa pakati pa zinthu zofunika za chikhalidwe cha fuko, chaka chomwecho bungwe la UNESCO nililemba Ogimachi pamodzi ndi midzi iwiri ya ku Gokayama pa mndandanda wa cholowa cha dziko lonse lapansi. A Wada akukhalamobe, ndipo zipinda zina anazitsegulira alendo.